Utsi Woyera wa Tsiku la Alendo

Mayi Dorika Bonifasio anafika pa ofesi yoona zachilengedwe pa boma la Dedza Lolemba lina m'mwezi wa Juni, atafunda zitenje ziwiri chifukwa cha chisanu. Anapeza Gloria Zikhalo, ofesala wolandira madandaulo a anthu, akuwothetsa zala pa kapu ya tiyi. Atapatsana moni, mayiwo anamasula jumbo, n'kutulutsa kabichi mmodzi ndi kumuika patebulo.

"Tapititsani chala pa tsamba lakunjalo," anatero.

Gloria anapititsa chala ndipo chinabwerako chakuda. Atachitikita ndi chala chinzake anamva kuti mwayewo unali ndi mafuta. Fungo lake silinali la nkhuni.

"Mudzi wathu uli m'munsi mwa phiri, kuseri kwa fakitale youmitsa matabwa ija," mayi Dorika anafotokoza. "Chumuni chawo masiku ena chimatulutsa utsi woyera, ndipo umenewo tilibe nawo mawu. Koma masiku ena, makamaka kukacha ndi chifunga, chimatulutsa wakuda bii. Sukwera m'mwamba, umatsika n'kudzagona m'madimba mwathu. Mwana wanga Alile ali ndi mphumu. Mwezi uno wokha tathamanga naye kuchipatala katatu."

Anapereka kalata imene pansi pake panali mayina a anthu makumi awiri. Gloria anawalonjeza kuti afika sabata yomweyo. Potuluka, mayiwo analemba nambala yawo ya foni pakona pa kalatayo.

"Mukamabwera muzindiimbira dzulo lake, mungadzandipeze nditachokapo."

Lachitatu Gloria anawaimbira, Lachinayi ananyamuka pagalimoto ya ofesi. Woyendetsa anali bambo Ephraim, munthu wosalankhulalankhula amene anali atagwira ntchito pamalopo zaka khumi ndi ziwiri. Gloria atangofika kumene ku Dedza, ndi bambowa amene anamuphunzitsa misewu ya kumidzi ndi mayina a mitsinje. Pamiyendo pake Gloria ananyamula kachipangizo koyezera utsi ndi fumbi mumpweya, kofanana ndi wailesi yaing'ono. Mpweya ukakhala wabwino kankayatsa kuwala kobiriwira, ukaipa kofiira.

Fakitaleyo inali ndi mpanda wa malata. Mkati munali milu ya matabwa a paini, ndipo pakati panaima chumuni chachitsulo chachitali, chokokedwa ndi mawaya mbali zinayi. Utsi unkatuluka woyera, wopyapyala. A Collins, manijala wa pamalopo, anawachingamira pageti ndi manja awiri, ndipo tiyi anali atakonzedwa kale.

"Ife timasonkhezera utuchi ndi makungwa basi," anatero a Collins powaonetsa ng'anjo imene inkatenthetsa zipinda zoumitsira matabwa. "Onani nokha."

Pambali pa ng'anjoyo panaima mnyamata wamtali wosonkhezera moto, atamanga kansalu kukamwa ndi mphuno, fosholo ili m'manja. Sanadzutse mutu. Kachipangizo kaja kanayatsa kobiriwira. Koma Gloria anaona kuti simenti ya pansi inali yonyowa, yongotsukidwa kumene m'mawa wozizira ngati umenewo, ndipo dzenje la phulusa linali lopanda kanthu.

"Phulusa mumataya kuti?"

"Alimi amadzatenga, amakathira m'minda." A Collins anatsitsa mawu. "Madamu, sindikufuna kunena munthu. Koma mayi amene anabwera kwa inuwo tinakangana nawo chaka chatha pa za malire a dimba lawo. Komanso kumudziko amawotcha njerwa. Mwaye uli ndi makomo ambiri."

Akukwera galimoto, a Collins anakuwira woyendetsa.

"A Ephraim, thumba lanu lija lili apo, musaliiwale."

Antchito awiri anakweza thumba la zidutswa za matabwa kumbuyo kwa galimoto. Ali m'njira, Gloria anafunsa za thumbalo.

"Ndi nkhuni za kunyumba, madamu. Ndimatola pamenepaja kuyambira kale. Aliyense amatola."

Gloria anangoti "Oho," n'kuyang'ana kunja.

Loweruka m'mawa mayi Dorika anaimba foni. Anati wakuda uja wayambanso, atuluke panja ayang'ane kuphiri. Gloria anatuluka, koma chifunga chinali chitameza phiri lonse, ngakhale mitengo ya kuseri kwa nyumba yake sinkaoneka bwino.

Sabata yotsatira anapitanso, atawaimbira mayi Dorika dzulo lake monga anapangana. Anapeza utsi woyera, pansi potsukidwa, tiyi wokonzedwa. Atabwerako anakhala mu ofesi n'kuyamba kuwerenga pa zala anthu amene ankadziwa za maulendo ake. Abwana ake anali ku Lilongwe kumaphunziro mwezi wonsewo. Mlembi wa pa ofesi ankangomva galimoto itanyamuka kale. Munthu yekhayo amene ankauzidwa dzulo lake kuti athire mafuta anali bambo Ephraim.

Tsiku la ulendo wachitatu, Gloria anatuluka mu ofesi n'kuwapeza bambowo kuseri kwa galimoto, foni ili kukhutu. Atamuona anaidula n'kuiika m'thumba.

"Mumalankhula ndi ndani?"

"Ndi akunyumba."

Gloria anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukhala kumeneko, chinthu chimene anali asanachitepo. Bambo Ephraim anamuyang'ana pagalasi kamodzi, n'kuliza galimoto. Kufakitale zonse zinali monga mwa masiku onse. Pobwerera, atadutsa mlatho, Gloria analankhula.

"Kodi a Collins munadziwana nawo bwanji?"

"Timapemphera tchalitchi chimodzi."

"Ndiye mumaonana Lamlungu lililonse."

"Timaonana." Anamuyang'ananso pagalasi. "Madamu, ngati pali chimene mukufuna kundifunsa, ndifunseni."

"Palibe."

Kuyambira tsiku limenelo moni wawo unafupika. Gloria anayamba kukiya kabati yake akamapita kukadya, ndipo akamalankhula pafoni ankatseka chitseko. Bambo Ephraim anasiya kulowa mu ofesi kudzamwa tiyi, ankakhala m'galimoto kuwerenga nyuzi.

Ulendo wachinayi Gloria anaukonza ali kunyumba kwake. Sanapemphe galimoto. Anawaimbira mayi Dorika okha, ndipo m'mawa mwake anaika kachipangizo kaja m'chikwama n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Njira yonse ankaganiza kuti lero awapezerera.

Atakhota pa mitengo ya paini anaona chumuni. Utsi unali woyera. A Collins anali ataima pageti, manja ali m'matumba a jekete.

"Lero a Ephraim mwawasiya? Mukanatiuza, tikanakutumizirani galimoto. Lowani, tiyi angazizire."

Pansi pa ng'anjo panali ponyowa. Mnyamata wa kansalu uja anali pamalo ake, mutu uli pansi.

Gloria anabwerera ali ndi manyazi komanso mkwiyo, osadziwa kuti akwiyire ndani. Bambo Ephraim sanadziwe za ulendowu. Amene anadziwa anali munthu mmodzi yekha, mwini dandaulo. Anatulutsa kalata ija n'kuiwerenganso, ndipo anaona kuti mayina asanu ndi awiri analembedwa ndi dzanja limodzi. Mwina eni ake sankatha kulemba. Mwinanso sanafunsidwe n'komwe. Anakumbukira za malire a dimba. Kodi mayiwo ankangofuna kuivutitsa fakitale, utsi wakuda kulibe? Nanga mwaye wa mafuta uja unachokera kuti? Kapena a Collins anawanyengerera pambuyo pake kuti azinena za maulendo? Koma munthu wonyengereredwa akanaimbiranji foni Loweruka lija?

Mayi Dorika anaimba kawiri sabata imeneyo. Gloria sanayankhe.

Lachisanu lachiwiri la Julayi kunacha ndi chifunga chokhuthala. Gloria anachiona pawindo n'kuvala nsapato za mphira. Sanauze munthu aliyense. Anakwera minibasi mpaka pamphambano, n'kutsika kuyenda wapansi m'kanjira ka odula mitengo kodutsa m'nkhalango ya paini. Madzi ankadontha m'masamba n'kumunyowetsa mapewa.

Asanaone chilichonse anayamba kumva fungo, fungo la mphira wopsa, lokanda kukhosi. Anatulutsa kachipangizo kaja ndipo kanayatsa kofiira. Atatuluka m'mitengo anaona chumuni chikulavula utsi wakuda, wolemera, umene unkapindika n'kutsetserekera kumadimba, n'kusakanikirana ndi chifunga mwakuti munthu wa patali sakanausiyanitsa. Anajambula ndi foni, n'kulemba nthawi ndi manambala m'kabuku.

Geti linali lotsegula chifukwa lole ya zipika inkalowa. Gloria anayenda m'mbali mwa loleyo, mlonda ali mbali inayo, n'kulunjika kung'anjo.

Mnyamata uja anali atanyamula chibenthu cha tayala lagalimoto, akuchiponya pamoto. Pambali pake panali mgolo wa oyilo wakuda wotha ntchito, ndi chitini chotungira. Atatembenuka n'kuona Gloria anaima chilili. Kenako anatsitsa kansalu kaja pang'onopang'ono. Milomo yake inali yotuwa, maso ofiira.

"Amayi sananene kuti mubwera lero," anatero.

"Amayi ake ati?"

Mnyamatayo anazindikira zimene wanena. Anayang'ana pansi.

"Apongozi anga. A Dorika."

"Dzina lanu ndani?"

"Rafaelo."

"Alile ndi mkazi wanu?"

Anavomera ndi mutu. Gloria anamufunsa chifukwa chimene ankawotchera matayala. Rafaelo anayang'ana kuofesi kaye, kenako analankhula mofulumira. Anati nyengo yozizira utuchi umakhala wonyowa chifukwa umaunjikidwa pamtetete, ndipo sugwira moto wokwanira kuumitsa matabwa. Matabwa akachedwa, abwana amakalipa. Tsono lole imene imapita ndi matabwa kutauni imabwerako ndi matayala akutha ndi migolo ya oyilo. Amauzidwa kuti aziwotcha kukachita chifunga. Anamulozera kuseri kwa mulu wa zipika, kumene kunali chilona chachikulu chofunditsa chinthu.

A Collins anatulukira akuthamanga, jekete ili m'manja.

"Madamu, mwalowa bwanji osadzera kuofesi?" Anaona tayala likuyaka n'kutembenukira kwa Rafaelo. "Iwe, ukuchita chiyani? Ndani wakuuza zimenezi? Madamu, munthuyu wachita yekha, ine sindikudziwapo kanthu."

Gloria anapempha fosholo kwa Rafaelo, n'kuipisa m'dzenje la phulusa. Inatuluka ndi mawaya opiringizika, amene amatsala tayala likapsa. Anapisanso, n'kutulukanso ena. Anawaika m'jumbo. Kenako anapita kuseri kwa zipika n'kuvundukula chilona chija. Matayala anali osanjikizana mizere itatu, kutalika kupitirira mutu wake.

"Onsewa anabwera nawo yekha, a Collins? Panjinga?"

"Tiyeni tikakambirane kuofesi, madamu. Kunja kuno kukuzizira."

"Tikambirana pompano. Zimitsani motowo."

Analemba kalata yoimitsa ng'anjo ataitsamiritsa pamgolo, a Collins n'kusayina. Mpaka Gloria kutuluka pageti, manijalayo sanamuyang'anenso Rafaelo.

Gloria anawapeza mayi Dorika kudimba, akuthirira ndi kheni, atamanga mpango kukamwa. Ataona Gloria anaika kheniyo pansi.

"Simunandiimbire."

"Sindinakuimbireni. Ndachokera kufakitale. Ndakumana ndi akamwini anu."

Mayiwo anakhala pansi pa mzere, osasamala chinyontho. Kwa kanthawi ankangothothola udzu umene unali pafupi ndi phazi lawo.

"Mwamulemba dzina?"

"Ndamulemba. Ndinamupeza tayala lili m'manja. Mayi, mwandiyendetsa maulendo anayi pachabe. Ndinafika poganiza kuti mukunama. Ndamuganizira zoipa munthu wosalakwa chifukwa cha inu. Munabweretseranji kalata ngati simunkafuna kuti ndione?"

"Ndinkafuna muone." Anamasula mpango uja. "Ndinkafuna muone utsi, osati Rafaelo. Mukandiimbira ndinkamuuza kuti mawa kukubwera a boma, usagwire tayala, upemphe kupita kumacheka. Ndinkati mupeza wina pang'anjopo. Sindinkadziwa kuti iye akumakawauza abwana ake."

"Simunadabwe kuti tsiku lililonse ndikabwera utsi ukuyera?"

"Ulendo wachiwiri ndinadabwa, ndipo ndinamufunsa. Anandiuza kuti pang'anjo palibe wina, ndi iye yekha. Akasiya kuwotcha matayala popanda chifukwa, abwana amufunsa. Akakhala chete inu n'kumupeza, abwana adziwa kuti kalata inachokera kwa apongozi ake ndipo iye anabisa. Anasankha kunena."

"Ndiye inu munapitiriza kumuuza."

"Ndinapitiriza. Ulendo uliwonse ndinkati lero sindimuuza. Akabwera madzulo kudzaona Alile, ali mbuu ndi phulusa, akutsokomola kuposa mkazi wakeyo, ndinkapezeka ndanena." Anayang'ana kuchumuni, kumene utsi unali utayamba kuchepa. "Mwana wanga akubanika ndi utsi umene mwamuna wake akusonkha. Inu mukanatani?"

Gloria anafunsa za mayina asanu ndi awiri aja, ndipo mayiwo anati ndi a anthu osadziwa kulemba, angathe kumuperekeza khomo ndi khomo. Anapitadi. Pakhomo lililonse anamuonetsa china: zovala zamathothomathotho pachingwe, madzi a mumgolo okhala ndi kansalu kakuda pamwamba, nkhalamba ina imene inali itasiya kutuluka m'nyumba m'mawa. Pomaliza anakaona Alile, amene anali atakhala pakhonde atatsamira khoma, akupuma ngati munthu amene wakwera phiri.

Lolemba Gloria anapita kumene kunkaima galimoto. Bambo Ephraim ankapukuta galasi lakutsogolo. Anawafotokozera zonse, kuyambira pa ulendo wa kabaza mpaka pa mawu a Rafaelo.

"Ndinkaganiza kuti ndinu, bambo. Ndinalakwa. Mundikhululukire."

Bambowo anapinda kansanza kawo kanayi asanayankhe.

"Ndinadziwa kuti mukuganiza choncho. Chimene chinandiwawa n'choti ndinakupemphani kuti mundifunse, inu n'kuti palibe. Mukanandifunsa ndikanakuuzani kuti mnyamata wa pang'anjo uja ndi mkamwini wa mayi Bonifasio. Ukwati wake ndinadyako."

Bambo Ephraim anati zatha, ndipo tsiku lomwelo anamutengera kufakitale kukaona ngati ng'anjo inali yozimadi. Koma kudzamwa tiyi mu ofesi sanayambirenso mpaka mvula itagwa.

Ng'anjo inakhala yotseka masabata atatu. Matayala ndi migolo zinachotsedwa Gloria akuonerera, ndipo eni fakitale analamulidwa kumanga shedi yosungiramo utuchi kuti usamanyowe. A Collins anakhalabe pa udindo wawo. Rafaelo anachotsedwa ntchito sabata yoyamba yomweyo. Kalata yomuchotsa ntchito inati anawotcha zinthu zoletsedwa popanda chilolezo. Gloria analemba m'lipoti kuti mnyamatayo ankangotsatira zimene anauzidwa, ndipo anamulangiza kuti akadandaule ku ofesi ya zantchito. Rafaelo anathokoza, koma sanapite. Anati safuna kukaimanso pamaso pa a Collins.

Kumudziko anthu anagawikana. Ena ankabwera kudzawathokoza mayi Dorika. Akazi ena amene amuna awo anakhala pakhomo masabata atatu aja anasiya kuwapatsa moni pachitsime, ndipo pamaliro ankasuntha mkeka.

Kumapeto kwa Ogasiti Rafaelo anaganiza zobwerera kwawo ku Lobi, kumene malume ake anamupatsa munda woti alime nyemba. Alile anati apita naye. Gloria anapezeka pamudzipo tsiku limene ankasamuka, atabwera kudzayeza mpweya kumadimba. Anaona matiresi, mipando iwiri ndi ndowa zikukwezedwa pa kalole kakang'ono. Rafaelo anamupatsa moni waulemu, n'kupita kukagwada pamaso pa apongozi ake kutsazika. Mayi Dorika anamuuza kuti amusamale Alile, ndipo mankhwala ake opopera asamakhale patali.

Kalole katanyamuka, mayiwo anaimabe pamsewu mpaka fumbi litatha. Kenako anafunsa Gloria ngati ku Lobi kuli chipatala chapafupi. Gloria anati chilipo, ndipo bambo Ephraim, amene ankaidziwa bwino njira ya kumeneko, anatsika m'galimoto n'kuyamba kuwafotokozera pokwerera minibasi ndi potsikira.